Boma ndi Ndani? Mawu Oti Mwana wa Sukulu Awadziwe

Pulogalamu ya pawailesi ya ophunzira a Sitandade 5 mpaka 8

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MPHUNZITSI WA PAWAILESI:  Aphunzitsi, chonde khalani pafupi ndi bolodi, choko chili m'manja, chifukwa lero zolemba zilipo. Ana inu tulutsani makope.

Nthawi ya nkhani ikakwana pawailesi, mumamva zoti aphungu avomereza bajeti, khoti lagamula mlandu, khonsolo yakumana, nduna yayendera chipatala. Ambiri a inu mukangomva zimenezo mumadzuka n'kupita kukasewera fulaye kapena mpira, mumtima mukuti izi n'za akuluakulu. Ayi ndithu, n'zanu zomwe. Buku la masamu limene mukugawana atatuatatulo, malipiro a aphunzitsi anu, mankhwala a malungo amene munalandira kuchipatala, zonsezi zinadutsa m'mawu amenewa zisanafike kwa inu. Komanso inu a Sitandade 8, pofika chisankho cha 2030 ambiri mudzakhala mutakwanitsa zaka 18, ndipo chala chanu chidzaviikidwa mu inki.

Tiyambe ndi mawu aafupi koma olemera: boma. Kodi boma ndi ndani? Aphunzitsi, lozani ana awiri kapena atatu ayankhe.

(KUPUMA PANG'ONO)

Ndikukhulupirira kuti wina wati pulezidenti, wina wati apolisi, ndipo wina wati boma ndi kuja kuli ofesi ya a DC, kumene amayi amapita akati lero ndikupita ku boma. Nonse mwakhudzako, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Lembani chonchi: boma ndi anthu ndi maofesi amene tawapatsa mphamvu kuti ayendetse zinthu za tonse m'malo mwathu. Pansi pa mawu oti "m'malo mwathu" dulani mzere. Dziko lathu lili ndi buku la malamulo aakulu, malamulo oyendetsera dziko, limene ena amalitchula kuti konsitityushoni. Lamulo lina lililonse likasemphana ndi bukuli siligwira ntchito, ndipo ngakhale pulezidenti amalumbira kuti adzalitsata. Gawo 12 la bukuli limanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene akuzigwiritsa ntchito angosungitsidwa. Chinthu chosungitsidwa sichikhala chako. Mwini wake amafunsa kuti chikusamalidwa bwanji, ndipo akaona kuti sichikusamalika, amachitenga n'kukasungitsa kwa wina. Ngakhale muiwale zina za lero, izi zokha muzigwire.

Nanga mwini wakeyo ndani? Ndi nzika. Nzika ndi munthu amene malamulo amamuzindikira kuti dziko lino ndi kwawo. Unzika suyembekeza ndevu kapena chitenje. Khanda limene lili kumsana kwa amayi anu ndi nzika ya Malawi mofanana ndi nduna. N'chifukwa chake mwana akabadwa amayenera kulembedwa m'kaundula wa boma, ndipo akafika zaka 16 amalandira chiphaso cha unzika. Tiyeni tinene limodzi: ine ndine nzika ya Malawi.

(KUPUMA KUTI ANA ABWEREZE)

Mwachita bwino. Tsopano tiyerekeze nkhani imodzi, tiitsate kuchokera pasukulu mpaka ku Lilongwe.

Ndi mwezi wa Disembala. Usiku kwagwa mvula yamkuntho, ndipo m'mawa mukufika pasukulu mukupeza denga la Sitandade 3 lasasuka. Malata ali mbwee m'munda wa chimanga, ena apindika, mabuku anyowa, ana aang'ono angoima kumbali zikwama zili kumsana. Kodi tikauze ndani?

Ahedi amayamba ndi kuitana komiti ya sukulu ndi makolo, n'kudziwitsa a PEA, amene amayang'anira sukulu za m'zoni yanu. Kenako uthenga umafika kwa mfumu. Mafumu athu ali ndi makwerero awo: nyakwawa imayang'anira mudzi, a gulupu amayang'anira midzi ingapo, pamwamba pawo pali mfumu yaikulu imene timati T/A, ndipo pamwamba penipeni pali mafumu monga Inkosi ya Makhosi Gomani, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, Lundu ndi Kyungu. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, koma Achewa a m'Malawi, m'Zambia ndi m'Mozambique onse amamulemekeza kuti ndi mfumu yawo. Mfumu siisankhidwa ndi voti ya dziko. Ufumu umatsata banja ndi mwambo. Ntchito yake ndi kusamala malo a makolo, kuweruza nkhani za m'mudzi ndi kumemeza anthu pa chitukuko. Choncho nyakwawa ikalamula kuti Loweruka aliyense atute mchenga ndi kutolera malata aja, anthu amatuluka.

Koma misomali, mitengo ya denga ndi malata atsopano zimafuna ndalama zimene mudzi sungakwanitse. Apa ndi pamene tikumana ndi khansala. Lembani: khansala. Khansala ndi munthu amene anthu a dera laling'ono lotchedwa wodi amamusankha ndi voti kuti akawaimire ku khonsolo. Pa chisankho cha 2025 mawodi analipo 509 m'dziko lonse. Khonsolo ndi bwalo limene makhansala amakumana kukambirana za sukulu zapulayimale, misika, zipatala zazing'ono, mijigo ndi misewu ya m'midzi. Dziko lathu lili ndi maboma 28, lililonse ndi khonsolo yake, ndipo mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ili ndi makhonsolo akeake otsogozedwa ndi meya. Mafumu akuluakulu amakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo n'kulankhulapo, koma saponya voti. A DC aja sasankhidwa ndi anthu. Iwo ndi olembedwa ntchito ndi boma, ndipo amayang'anira maofesi amene amakwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana.

Ndikufuna ndichedwepo pang'ono pa khansala, chifukwa ambiri, ngakhale akuluakulu, samudziwa. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Zaka zonsezo anthu anazolowera kutengera vuto lililonse kwa phungu: mjigo ukawonongeka kwa phungu, mlatho ukakokoloka kwa phungu, maliro akagwa phungu agule bokosi. Chizolowezi chimenechi chikadalipo, ndipo chimatipweteka. Phungu wogula mabokosi angakhale munthu wachifundo, koma ngati salankhula za dera lake kumene tinamutuma, ntchito yake sanaigwire.

Nanga tinamutuma kuti? Ku Nyumba ya Malamulo. Phungu ndi munthu wosankhidwa ndi anthu a dera lalikulu kuposa wodi kuti akawaimire kumeneko. Kwa zaka zambiri aphungu anali 193, koma kuyambira chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 mipando ilipo 229. Kuti munthu aime nawo pa uphungu ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 21. Akafika kumeneko amalankhula za anthu a kwawo, amapanga malamulo, komanso amalondoloza mmene ndalama za dziko zikuyendera.

Nyumba ya Malamulo kale inali ku Zomba, likulu lakale la dziko lino. Imene tikugwiritsa ntchito lero ili ku City Centre mu Lilongwe, pafupi ndi chiliza cha Kamuzu, ndipo inatsegulidwa mu 2010. Mukadzalowamo tsiku lina, mudzaona mipando ili mbali ziwiri. Mbali ina kumakhala aphungu a boma, mbali ina otsutsa boma. Mawu oti otsutsa asakuopseni. Si adani a dziko. Ntchito yawo ndi kufunsa mafunso ovuta kuti olamula asagone. Kutsogolo kumakhala Sipikala, amene amapereka mpata wolankhula ndi kukhazikitsa bata mkangano ukakula. Sipikala akamalowa, patsogolo pake pamayenda munthu atasenza ndodo yonyezimira, chizindikiro cha mphamvu za nyumbayo, ndipo ndodoyo imagonekedwa patebulo zokambirana zikamayamba. Atsikana mvetserani apa: mu 2019 aphungu anasankha mayi Catherine Gotani Hara kukhala Sipikala, mayi woyamba pampando umenewo.

Lamulo lisanakhale lamulo limatchedwa bilu. Bilu imawerengedwa m'nyumbamo, aphungu amakambirana, amaiunika ndime ndi ndime, amasintha pofunika kusintha, kenako amavota. Ikadutsa imapita kwa pulezidenti, amene amakhala ndi masiku 21 oti asainire kapena aibweze ndi zifukwa zake. Akasainira, imasindikizidwa m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Gazette, ndipo pamenepo yasanduka lamulo la tonse.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tikadali pa denga lathu lija. Ndalama za malata zichokera kuti? Boma lilibe munda wa ndalama. Zimachokera ku msonkho. Msonkho ndi ndalama zimene nzika ndi makampani amapereka ku boma kuti zigwire ntchito za tonse, ndipo bungwe lotolera misonkho ndi MRA. Mwina mukuti kwathu kulibe wolembedwa ntchito, ndiye sitikhoma msonkho. Mumakhoma. Bambo akagula mayunitsi a foni, mkati mwa mtengowo muli msonkho. Amayi akakugulirani nsapato m'sitolo, muli msonkho. Akakhala pamsika ndi dengu la tomato, munthu wa khonsolo amabwera n'kuwadulira tikiti, ndipo ndalama imeneyo imapita ku khonsolo. Ndiye mukamva munthu akunena kuti ndi za boma izi, zisiyeni ziwonongeke, mumuuze mwaulemu kuti ndi thukuta la makolo athu.

Chaka chilichonse nduna ya zachuma imapita ku Nyumba ya Malamulo ndi ndondomeko yosonyeza ndalama zimene boma likuyembekeza kupeza ndi mmene lizigawire: zakuti ku maphunziro, zakuti ku zaumoyo, zakuti ku ulimi, zakuti ku makhonsolo. Ndondomeko imeneyi ndiyo bajeti, ndipo masiku ano chaka cha bajeti chimayamba pa 1 Epulo. Boma sililoledwa kugwiritsa ntchito ndalama za msonkho popanda chilolezo cha aphungu. Mukamva kuti aphungu akukangana za bajeti, dziwani kuti mkati mwa mkanganowo muli desiki yanu.

Ndatchula nduna. Nduna ndi munthu amene pulezidenti wamusankha kuti ayang'anire unduna, monga unduna wa zamaphunziro kapena wa zaumoyo. Pulezidenti, wachiwiri wake ndi nduna zonse akakhala pamodzi timati kabineti, ndipo maofesi ambiri a maunduna ali ku Capital Hill mu Lilongwe. Pansi pawo pali chikhamu cha ogwira ntchito m'boma: anamwino, alangizi a zaulimi, apolisi, ndiponso aphunzitsi a sukulu za boma, kuphatikizapo amene aima patsogolo panuwo. Pulezidenti ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 35. Amalamula zaka 5, ndipo saloledwa kupitirira maulendo awiri otsatizana. Wachiwiri wake sakhala wongokongoletsa mpando. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, malamulo anasonyeza poyera woyenera kulowa m'malo, ndipo wachiwiri wake, mayi Joyce Banda, analumbiritsidwa kukhala pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino.

Tsopano tiyerekeze kuti ndalama za denga zatuluka, koma malata amene afika pasukulu ndi theka chabe la amene analembedwa papepala. Wina wadyapo. Kumeneko ndiye katangale: kugwiritsa ntchito udindo kuti upindule wekha ndi zinthu za tonse. Mnzake wa katangale ndi chiphuphu, ndalama kapena mphatso yoperekedwa mwamseri kuti munthu wa udindo akukondere. Izi si nthano. Mu 2013 zinaululika kuti ndalama zankhaninkhani zinabedwa m'maofesi a boma ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka ndi dzina loti Cashgate. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, amene anavutika ndi anthu wamba, ndipo ena mwa akubawo anamangidwa. Bungwe lofufuza milandu yotere ndi ACB.

Woganiziridwa kuti waba sitimugenda kapena kumuwotchera nyumba. Timamutengera ku khoti. Khoti ndi bwalo limene limamva mbali zonse ziwiri, kufunsa mboni, kuunika umboni, n'kugamula motsata malamulo. Munthu amakhala wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo mfundo imeneyi imateteza inu ndi ine tsiku limene wina adzatinamizire. Milandu yambiri imayambira kwa majisitireti. Yaikulu imapita ku Khoti Lalikulu, limene lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kumene kumakhala majaji. Amene sanakhutire ndi chigamulo amachita apilo, ndiye kuti kupempha khoti lapamwamba kuti liunikenso, ndipo lomaliza ndi Khoti la Suprimu. Ana akalakwira malamulo ali ndi makhoti awoawo, osasakanikirana ndi akuluakulu.

Taonani tsono zimene tadutsamo. Opanga malamulo ndi aphungu. Oyendetsa dziko motsata malamulowo ndi pulezidenti ndi nduna zake. Otanthauzira malamulo ndi kuweruza ndi makhoti. Izi ndizo nthambi zitatu za boma. Amayi akamatereka mphika wa nsima amauika pa mafuwa atatu otalikirana bwino. Mukachotsa fuwa limodzi, kapena mukawaunjika onse mbali imodzi, mphika umagudubuka. Nthambi zitatuzi zinasiyanitsidwa dala kuti mphamvu zonse zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo iliyonse izitha kuuza inzake kuti apa walakwa.

Kodi zimenezi zimachitikadi? Zinachitika inu mutabadwa kale. Pa 21 Meyi 2019 kunali chisankho, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana. A Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima sanakhutire, ndipo anapita ku khoti. Majaji asanu, a Healey Potani, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, anamva umboni kwa miyezi ingapo. Anaona mapepala a zotsatira amene manambala ake anafufutidwa ndi Tipp-Ex n'kulembapo ena. Pa 3 Febuluwale 2020 anagamula kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso, ndiponso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la mavoti onse. Khoti la Suprimu linagwirizana nawo. Mu Africa muno, khoti kufafaniza chisankho cha pulezidenti zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017. Chisankho chinachitikanso pa 23 Juni 2020 ndipo anapambana a Chakwera. Mu 2025 anthu anavotanso n'kubwezera mpando kwa a Mutharika. Sindikukuuzani kuti wabwino ndi uyu kapena uyo. Zimenezo mudzaweruza nokha mukadzakula. Chimene ndikufuna muone n'choti maulendo onsewa mpando unayenda kutsata voti ya nzika ndi malamulo, osati mfuti.

(NYIMBO YAIFUPI)

Ambiri a inu munaonapo chisankho ndi maso, chifukwa malo oponyera voti nthawi zambiri amakhala pasukulu panu pomwepo. Anthu amayamba kundanda kusanache, agogo atafunda chitenje. Munthu akafika patebulo amasonyeza chiphaso, dzina lake limayang'anidwa m'kaundula wa ovota, amalandira mapepala, n'kupita pamalo obisika pamene amachonga yekha, popanda womusuzumira. Kenako amapinda pepala n'kuponya m'bokosi. Chala cha wovota chimapakidwanso inki yosafufutika msanga kuti asavote kawiri. Kuyambira mu 2014 timasankha anthu atatu tsiku limodzi: pulezidenti, phungu ndi khansala. Madzulo mabokosi amatsegulidwa pomwepo, mavoti n'kuwerengedwa mamonita a zipani akuona. Voti ndi yachinsinsi. Mfumu, m'busa, shehe, mwamuna wa m'nyumba kapena amene anagawa zitenje pa kampeni, palibe amene angadziwe pamene munthu wachonga. Voti ya mlimi wa ku Nsanje imalemera chimodzimodzi ndi ya mwini kampani wa ku Blantyre.

Voti yotereyi sinakhalepo nthawi zonse. Dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira kuchoka kwa Angerezi pa 6 Julaye 1964, ndipo pa 6 Julaye 1966 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti. Kuyambira pamenepo chipani chololedwa chinali chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Mukafunse agogo za khadi ya chipani. Akuuzani kuti panali nthawi imene munthu wopanda khadi ankabwezedwa pakhomo la msika kapena pokwera basi, ndipo kudzudzula boma kunkamangitsa. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, yonena poyera zolakwika za nthawiyo, ndipo anthu ambiri analimba mtima. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu. Riferendamu ndi voti imene anthu sasankha munthu koma amayankha funso limodzi lalikulu. Funso linali loti: chipani chimodzi kapena zipani zambiri? Ofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda, ofuna zipani zambiri, kapena kuti matipate, ankasankha nyali. Anthu oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri, anapambana a Bakili Muluzi, ndipo Kamuzu analankhula pawailesi kuvomereza kuti wagonja. Malamulo oyendetsera dziko amene tikugwiritsa ntchito lero anayamba chaka chomwecho, n'kukhazikitsidwa kwathunthu mu 1995. Ulamuliro wotere, umene anthu amasankha okha atsogoleri ndipo angathe kuwachotsa ndi voti, ndiwo demokalase.

Mutu 4 wa malamulo amenewa umakamba za ufulu wachibadwidwe, ufulu umene munthu amakhala nawo chifukwa choti ndi munthu basi. Wina mwa maufuluwo ndi wa maphunziro. Mu 1994 boma litachotsa fizi m'sukulu zapulayimale, ophunzira anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, moti ambiri anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Malamulo amaletsanso tsankho. Mnzanu wachialubino, mnzanu woyenda pa njinga ya olumala, mnzanu wa mtundu wina kapena chipembedzo china, onsewo ndi nzika zofanana nanu, ndipo kuwanyoza ndi kuwaphwanyira ufulu.

Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu aja kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana, ndipo asalowe m'banja. Ku Dedza, mfumu yaikulu mayi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kubwezera anawo kusukulu, ndipo nyakwawa zolekerera mchitidwewu inkaziimitsa pa udindo. Ndikulankhula ndi iwe mtsikana wa Sitandade 7 amene kunyumba ayamba kukuuza za mwamuna wa ku Joni, ndi iwe mnyamata amene akukutuma kukaweta ng'ombe kapena kusoka fodya anzako ali m'kalasi. Lamulo lili mbali yako. Uza aphunzitsi amene umawakhulupirira, amayi a gulu loona za atsikana pasukulu panu, kapena apolisi, amene ali ndi ofesi yapadera yothandiza ochitiridwa nkhanza. Ngati pali foni pafupi, imba 116. Nambala imeneyi ndi yaulere. Aphunzitsi, chonde ilembeni pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo musaifufute lero.

(KUPUMA KUTI APHUNZITSI ALEMBE)

Ufulu umayenda ndi udindo. Udindo ndi zimene nzika iyenera kuchita kuti anzake nawonso apindule. Ngati muli ndi ufulu wophunzira, udindo wanu ndi kufika m'kalasi nthawi yake, kusunga buku la sukulu kuti mng'ono wanu adzalipeze lili ndi masamba onse, ndi kusaswa mawindo a kalasi mukakwiya ndi zinazake. Ngati muli ndi ufulu wolankhula, lankhulani mwaulemu ndipo mupatse mnzanu mpata woti amalize mawu ake. Kufunsa nakonso ndi udindo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makolo akaitanidwa ku msonkhano wa komiti ya sukulu, akumbutseni kuti apite, ndipo akafunse kuti ndalama zimene sukulu inalandira zagula chiyani. Kufunsa kotero si mwano ayi; ndi mwini chinthu kuyendera chimene anasungitsa.

Nthawi yathu yatsala pang'ono. Ntchito ya kunyumba ndi iyi, ndipo musailembe mongoganizira. Mukafunse makolo kapena achibale dzina la nyakwawa ya mudzi wanu ndi T/A wanu, dzina la wodi yanu ndi khansala wake, ndiponso dzina la dera lanu ndi phungu wake. Inu a m'tauni mufunsenso dzina la meya. Ngati kunyumba sakumudziwa khansala, musaleke. Kafunseni kwa a mfumu kapena kwa ahedi, kenako mubwerere mukawauze makolo.

Aphunzitsi, pempho langa kwa inu ndi lakuti sabata ino musaloze nokha monita wa kalasi. Lolani ana atatu kapena anayi, anyamata ndi atsikana, aime kutsogolo anene zimene adzachite. Dulani timapepala, pezani katoni yopanda kanthu, aliyense achonge payekha, ndipo mavoti awerengedwe mokweza ana onse akuona. Wogonja amugwire chanza wopambana. Pakatha teremu, kalasi ikhale pansi imufunse monitayo ngati anachita zimene analonjeza.

 Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi yomweyi, ndipo mudzabwere ndi mayina aja m'makope mwanu. 

(NYIMBO YOTSEKERA)